Kugonja dala: ndi ulemu kapena ndi chipongwe?

Sabata ino mpata wagwera ine, mnzanu wogulitsa usipa ndi mpunga kuno ku Salima. Ndabwera ndi funso looneka lachibwana, koma chonde musaliyankhe msanga. Tinene kuti mwakhala pa masewera ndi munthu amene mumamukonda ndi kumulemekeza, kaya ndi kholo lanu, kaya ndi mwana wanu, kaya ndi alamu anu, ndipo mukuona poyera kuti mumugonjetsa. Kodi ndi bwino kumugonjera dala, iye osadziwa, kuti mtima wake usangalale?

Ndikudziwa kuti ambiri mwayankha kale chamumtima: "Aaa, nanga pali vuto? Si masewera chabe?" Ena mwafika ponena kuti umunthu ndi umenewo. Ine ndikuti ayi. Kugonja dala ndi bodza, ndipo ndi bodza lomwe limamuchepsa munthu yemwe mukuti mukumukwezayo. Koma sindikunena kuti wamphamvu azingopondereza wofooka chaka ndi chaka. Ilipo njira ina yochitirana chifundo pa masewera, ndipo ine ndinaimva kuchokera ku masewera omwe sindinawasewerepo chibadwire, a gofu. Tifikako. Poyamba ndikuuzeni komwe funsoli lachokera.

Banja lathu la kuchikazi limachita mpikisano wa bawo pa 26 Disembala chaka chilichonse, kumudzi kwathu m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Senga Bay. Tinasankha tsikuli chifukwa pa 25 ena amakhala ali kutchalitchi, pomwe mbali ina ya banja ndi Asilamu, ndiye tinkafuna tsiku loti aliyense alimve kuti ndi lake. Mbuzi amazinga ndi msuweni wathu wa kumzikiti kuti mphika ukhale umodzi. A ku Lilongwe amabwera pa minibasi, a ku Chipoka ndi ku Nkhotakota amalawirira, ndipo pofika 9 koloko mabawo atatu amakhala atayalidwa pansi pa mtengo wa mango. Mvula ikati igwe timathawira pakhonde, munthu atanyamula bawo ngati mbale ya msuzi kuti nkhomo zisasokonekere.

Kope la mpikisano limakhala ndi ine, poti amati wa kumsika saopa masamu. Musanamizidwe, ntchito yake si yaing'ono. Kuyambira Okutobala ndimakhala ndikukumbutsa anthu za chopereka. Wina watumiza pa Mpamba, wina pa Airtel Money, wina akuti "ndipereka ndikafika," ndipo inu mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe tinali titasonkha sinakwanenso mbuzi, tinadyera nkhuku ndi utaka. Maina timalemba pa timapepala n'kuponya m'chipewa, mwana wamng'ono n'kumatola awiriawiri. Kubetcha n'koletsedwa, ndipo wodandaula timamukumbutsa kuti ngakhale pa chilumba cha Mbenji, pomwe pamakhala asodzi amuna okhaokha, malamulo a mfumu Makanjira salola mowa ndi juga. Mphoto ya wopambana ndi tambala, wamoyo osati wa ndalama, kuphatikiza ketulo yakale ya malemu agogo yomwe timailemba dzina ndi chaka pogwiritsa ntchito msomali. Ketuloyo imadontha, singaphike tiyi. Koma mudzaone momwe amuna a ndevu zawo amaiyang'anira.

Kwa inu amene bawo mumangolidutsa pa siteji: lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, nkhomo 64, aliyense 32. Palibe dayisi, sipadalira mwayi. Katswiri amawerenga ndi maso. Amadziwa kuti akanyamula apa, nkhomo yomaliza ikagwera pati, ikadya zingati, ndipo dzanja likazunguliranso likagona pati. Mfundo imeneyi muisunge: pa bawo, wodziwa amaona zomwe mnzake akuona.

Amene anatiphunzitsa tonse ndi malume aakulu, eni mbumba. Pa unyamata wawo anali msodzi, ndipo anzawo amachitira umboni kuti kugombe kunalibe wowakhalira kutsogolo pa bawo. Pano adutsa zaka 70, dzanja limanjenjemera, ndipo nthawi imene ndikunenayi ng'ala inali itawagwira diso limodzi. Ndiye pali mchimwene wanga wamng'ono, wa kabaza wa njinga yamoto, amene makasitomala akasowa amakhalira bawo pa Kamuzu Road mpaka dzuwa kupendeka. Iyeyu anatenga ketulo zaka zitatu zotsatizana. Chaka chachinayi anakumana ndi malume mu fainolo. Pa gemu yomaliza, tonse odziwa tinaona dzenje loti akangonyamula, malume atha. Dzanja lake linapita pomwepo, linaima m'mwamba, kenako linasuntha n'kunyamula pena. Malume anadya, anadyanso, gemu n'kutha. Nthungululu, ana kuvina, azakhali misozi.

Malume sanaseke. Analandira ketulo, anathokoza, anadya nsima yawo. Madzulo anamuitanira mnyamatayo kuseri kwa nkhokwe, ndipo ife amene tinkatsuka mbale chapafupi tinamva.

"Iwe, bawo ndinakuphunzitsa ndine. Ukuyesa diso likafa, mutu umafanso?"

"Pepani malume, ndimafuna musangalale."

"Ukanandifunsa."

Chaka chotsatira anati mwendo ukuwawawa, sasewera. Anakhala pampando chapatali akuyang'ana kunyanja. Inu ndi ine tikudziwa kuti bawo sasewera ndi mwendo.

Tsono ndisanamuweruze mchimwene wangayo, ndimuimire kaye, chifukwa mlandu wake uli ndi mbali yabwino ndithu. Ife tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu. Timagwada popereka madzi, timalandira ndi manja awiri, wamkulu akaphonya nkhani sitimudula pakamwa, timadikira anthu abalalike. Ndiye mwana woleredwa chonchi wakhala moyang'anizana ndi munthu amene anamulipirira fizi ya Fomu 1, mbumba yonse ikuonerera, inu mukufuna amumalize ngati akusewera ndi mnzake wa pa siteji? Iye anawerengera motere: ketulo ndaitenga katatu, mkuluyu masiku omwe amutsalira sitikuwadziwa, chimene nditaye ine n'chochepa, chimene apeze iwo n'chachikulu. Masamu amenewo si a munthu woipa. Ndipo tonse timachita zofanana nazo. Mwana wa zaka zitatu akamalimbana nanu mumadzigwetsa pansi, iye n'kumafa nacho chiseko, ndipo palibe amene amakutchani wabodza. Ngati kabodza kakang'ono kakugula chimwemwe chachikulu, wokana ndani?

Koma taonani chimene chinachitika pa mphindi imene dzanja lija linasuntha. Kufikira pamenepo panali anthu awiri akusewera. Kuchokera pamenepo panatsala munthu mmodzi, winayo anasanduka wosangalatsidwa chabe. Mchimwene wanga anakhala wosewera, woimbira, komanso wolemba zotsatira, zonse yekha mumtima mwake. Anagamula yekha kuti malume afika pa msinkhu womveredwa chisoni, ndipo chigamulocho sanawauze eni ake. Inu mukuti ndi kudzichepetsa kumeneko? Ine ndikuona kuti kudzikweza koposa apo kulibe, kunena mumtima kuti "kupambana ndi kwanga, koma lero ndikugawirako." Mwana wa zaka zitatu timamugwera dala chifukwa ndi mwana wa zaka zitatu. Mukachita zomwezo kwa munthu wa imvi, mwamuuza kuti wabwerera ku ubwana, kungoti mwamuuza osatsegula pakamwa.

Ndipo bodza lotere silikhala pamalo amodzi, limayenderera ngati palafini wadonthera m'thumba la ufa. Dziikeni pampando wa malume usiku umenewo. Nanga uja ndinamugonjetsa m'mawa, anagonjadi? Nanga chaka chatha? Nanga akamaseka nthabwala zanga, zimawakomeradi? Nanga akamati "malume mwanena zoona" pa nkhani ya malire a munda? Munthu amene wagwidwa akukunamizani chifukwa cha chikondi amavuta kumukhulupiriranso kuposa wokunamizani chifukwa cha dyera. Wadyera mumadziwa pomuyang'anira, ndi pomwe pali ndalama. Wachikondi angathe kunama paliponse pomwe akuona kuti mukhumudwa, ndipo munthu wokalamba malo okhumudwira ali nawo ambiri.

Palinso anthu ena omwe sitiwawerengera. Alamu athu amene anagonja moona kwa mchimwene wanga fainolo isanafike, thukuta lawo linapita kuti? Anachotsedwa ndi munthu amene patsogolo pake anasiya kusewera. Ndipo pa ketulo paja pali dzina ndi chaka zomwe tonse tikamaziwerenga timatsitsa mawu.

Ine nkhani ndimaimvetsa bwino ndikaiika pa benchi langa la kumsika. Kasitomala wanga wakale akagula mpunga makilo awiri, ndimayeza bwinobwino, singano ya sikelo n'kuima pa 2, iye akuona. Ndikatero ndimatapa kadzanja kena n'kuthiramo, ndikunena kuti "iyi ndi basela, amayi." Iye akudziwa chomwe wagula, akudziwanso chomwe wapatsidwa. Angathe kuthokoza, angathenso kukana, ndipo alipo amene amakanadi, amati "ayi mwanawe, nawenso uli ndi ana." Tsono tinene kuti m'malo mwa basela ndapotoza sikelo mwakabisira kuti izimupatsa zambiri. Mtima wanga ndi wabwino, eti? Koma sikeloyo yafa. A Malawi Bureau of Standards atabwera sangafunse kuti imanamizira mbali iti. Ndipo tsiku lomwe mayi uja adzazindikire, adzadzifunsa kuti kodi mwana uyu wakhala akundiona ngati wopemphetsa nthawi yonseyi?

Kusiyana kwake kuli apa. Chifundo chapoyera munthu angathe kuchikana. Chifundo chobisa sangachikane, chifukwa sakudziwa n'komwe kuti chilipo. Mwamulanda pakamwa. Malume sananene kuti "ukanandigonjetsa." Anati "ukanandifunsa."

Apa ndi pomwe gofu ikulowera. Tili ndi mlamu wathu wina amene wakhala zaka zambiri akunyamula zikwama za osewera gofu ku Lilongwe. Timamuseka kuti amalipidwa poyenda ulendo wosafika kulikonse. Chaka chomwe malume anakhala chapatali chija, iyeyu ndi amene anati, "Vuto lanuli a gofu analithetsa kalekale," ndipo anatifotokozera za chinthu chomwe amachitcha handicap.

Mwachidule zili chonchi. Bwalo lathunthu la gofu lili ndi maenje 18, ndipo wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa kuti awamalize onse. Pa mabwalo ambiri katswiri amayembekezeka kumenya ka 72 kapena pafupi pamenepo. Tsono wosewera aliyense ali ndi nambala yake yodziwika, yochokera pa momwe wakhala akusewerera m'mbuyomu. Wodziwa kwambiri nambala yake ndi yaing'ono, wophunzira ndi yaikulu, ndipo pomaliza nambalayo amaichotsera pa zomwe munthu wamenya. Wa nambala 18 akamenya ka 90, zimawerengedwa 72. Wa nambala 2 akamenya ka 75, zimawerengedwa 73. Wapambana ndi woyambayo, ngakhale aliyense akudziwa kuti katswiri ndi wachiwiriyo. Kuyambira mu 2020 mabungwe awiri oyendetsa masewerawa, R&A ya ku Scotland ndi USGA ya ku America, anakhazikitsa njira imodzi yowerengera nambalayi m'maiko onse, ndipo imakwera mpaka 54. Ukayamba kusewera bwino nambala yako imatsika, basela n'kumachepa.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti palibe amene akubweza dzanja. Katswiri akumenya ndi mphamvu zake zonse, agogo akumenya ndi mphamvu zawo zonse, ndipo palibe akudziwa kuti zitha bwanji. Basela yaikidwa masewera asanayambe, yalembedwa, aliyense waiona. Funso lokha ndi lomwe lasintha. Sakufunsanso kuti wamkulu pa onse ndani, akufunsa kuti lero ndani wauposa mlingo wake.

Koma njira imeneyi imayenda pokhapokha anthu akunena zoona, ndipo gofu pa nkhani ya zoona siseka ndi munthu. Mu 1925, pa mpikisano wa US Open, Bobby Jones anaona mpira wake utasuntha pang'ono pomwe ankakonzekera kumenya. Anadzinenera yekha, anamuonjezera kumenya kumodzi ngati chilango, pamapeto anafanana ndi Willie Macfarlane, ndipo atabwereza masewera anagonja. Mu 1968 ku Masters, Roberto De Vicenzo wa ku Argentina anamenya katatu pa dzenje la 17, koma mnzake womulembera analemba 4, iye n'kusaina osayang'anitsitsa. Lamulo linati nambala yosainidwayo ndiyo ikhale, ndipo mpikisano unapita kwa Bob Goalby. Linali tsiku lake lobadwa munthuyo. Pa nkhani yachiwiriyi ine ndimaona kuti lamulo linauma mtima mopitirira muyeso, koma monga wosunga kope ndikumvetsa chomwe ankateteza. Ndipo mlamu wathu akuti akuba aliko konko: anthu amene amasewera moipa dala pa masiku wamba kuti nambala yawo ikwere, adzakolole pa tsiku la mphoto. Mwaona? Kugonja dala komwe kuja, kungoti uku ndi kwa dyera. Dzanja losuntha ndi lomwelo.

Musandimve ngati ndikuti a gofu ndi angelo. Papwa Sewgolum wa ku Durban, amene anayamba ngati wonyamula zikwama chimodzimodzi mlamu wathuyu, anapambana Natal Open mu 1963 ndi mu 1965, kachiwiriko atamuposa Gary Player. Pa umodzi mwa mipikisanoyi analandirira chikho panja, mvula ikumuvumba, chifukwa malamulo a tsankho sankalola munthu wa khungu lake kulowa m'nyumba ya kalabu. Kalabu ya Augusta, komwe kumachitikira Masters, inalandira mamembala aakazi oyamba mu 2012. Anthu otha kuwerenga chilungamo mpaka pa kumenya kumodzi, koma pageti osachiona. Nafenso sindingatiyeretse. Zaka zoyamba za mpikisano wathu akazi tinali a kumoto, ndipo kuti dzina la mkazi lilowe m'chipewa panali nkhondo yoti ndidzakuuzeni tsiku lina.

Ndiye tinatenga nzeru ya gofuyo n'kuisoka pa msinkhu wathu. Nkhomo sitinazikhudze, chifukwa mukachotsa nkhomo mbali imodzi simukuseweranso bawo. Tinagwira pa kawerengedwe. Anthu awiri akakumana, wopambana ndi amene wayamba kufika pa mapointi atatu, gemu iliyonse pointi imodzi. Akatswiri amayambira pa 0, apakatikati pa 1, ana ndi ongophunzira kumene pa 2. Ndiye kamtsikana ka Sitandade 7 kakakumana ndi mchimwene wanga, iko kakufuna gemu imodzi yokha, iye akufuna zitatu zotsatizana osapunthwa. Mudzaone thukuta lake. Amene watenga ketulo, chaka chamawa nambala yake imatsika. Manambala ndimawerenga mokweza m'mawa tisanatole maina, ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti aliyense ali ndi ufulu wokana nambala yake n'kupempha yotsika. Yokwera sapempha, imeneyo amagamula anthu atatu osankhidwa. Wogwidwa akugonja dala, chaka chotsatira sasewera, amatsuka mbale. Malume tinawalolanso kuti mdzukulu azikhala pambali pawo n'kumawawerengera nkhomo akamufunsa, koma osawauza ponyamula. Imeneyo sindiiwerenga ngati basela, ndi magalasi chabe.

Sikuti zonse zinakoma. Woyamba kukuwa anali mchimwene wanga yemwe uja. "Achemwali, ndiye mukundilanga chifukwa chodziwa? Ena akamagona masana ine ndimakhala pa bawo. Lero ketulo izilembedwa dzina la munthu amene sangandigonjetse katatu?" Mawu amenewa ndi olemera, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Chaka china ketulo inapitadi kwa mtsikana wa zaka 13, ndipo tonse tikudziwa kuti si iye katswiri wa banja. Kodi nalonso si bodza limeneli? Ine ndikuti si bodza, chifukwa bodza limafuna munthu wonamizidwa, ndipo apa wonamizidwa palibe. M'kope, pambali pa dzina lake, pali nambala yomwe anayambira. Mtsikanayo amadziwa, ife tikudziwa, ndipo gemu zomwe anapambana anazipambana moona, anthu akuluakulu akulimbana naye ndi mtima wonse.

Komanso tisasakanize ntchito za mipikisano. Pa mayeso a MSCE, pa laisensi ya dalaivala, pa maphunziro a unamwino, timafuna mlingo umodzi, ndipo ine sindingakwere minibasi ya dalaivala amene anayambira pa mapointi awiri. (Za kota ya ku yunivesite sindilowako lero, mungandithamangitse m'gulu.) Mpikisano wa banja ntchito yake ndi ina. Suli wofufuza katswiri, katswiri timamudziwa kale, timadya naye nsima. Ntchito yake ndi yakuti chaka chamawa anthu adzakwerenso minibasi. Zaka zomwe mchimwene wanga ankangotenga ketulo, maina m'chipewa ankachepa chaka ndi chaka. Ndani angalipire thiransipoti kuchokera ku Lilongwe kudzaonerera chinthu chomwe akudziwa kale mathero ake?

Chitsutso china ndi chowawa kuposa ichi, ndipo sindinachigonjetse kwathunthu. Chifundo chapoyera nachonso chimapweteka. Kumva dzina lako likuwerengedwa ndi nambala 2, akamwini ndi adzukulu akumva, si chinthu chokoma. Azakhali athu ena atamva yawo anaimirira. "Iwe mwana, ine wandiika pamodzi ndi ana a sukulu?" Anaikana, anayambira pa 0, ndipo anachotsedwa tiyi asanazizire. Wina anandinong'oneza kuti waona, kukanakhala bwino kungowagonjera mwakachetechete gemu imodzi, manyazi onsewa sakanakhalapo. Ndikuvomereza kuti kukanakhala kofewa. Koma azakhaliwo anachoka pa bawo mutu uli m'mwamba, akutiuza kuti tonse ndife amwano, ndipo mpaka lero nkhani ya tsiku lomwe anakana basela amaikamba okha monyadira. Anapatsidwa choonadi chowawa, koma anali ndi pochiyankhira, ndipo anayankha.

Nanga ana aang'ono? Wa zaka zitatu mugwereni, palibe mlandu, limenelo ndi sewero lomwe nayenso ali m'kati. Koma wa zaka 8 amadziwa. Mudzayang'ane nkhope yake mukamugonjera dala: amaseka ndi pakamwa, maso akukufufuzani. Ngati mukufuna kumuthandiza, muuzeni poyera kuti "bwezera, yang'ananso, pali pena pabwino." Aphunzira bawo, aphunziranso kuti mawu anu ndi odalirika.

Pali malo amodzi pomwe mfundo yangayi imanjenjemera. Munthu akafika poiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, osazindikiranso kuti pointi n'chiyani, kukhala naye pa bawo si mpikisanonso, ndi kucheza, ndipo ngati kudya nkhomo zanu kukumusangalatsa, mulekeni adye. Koma chenjerani, timafulumira kuika anthu m'gulu limeneli nthawi yawo isanakwane, chifukwa n'kosavuta kwa ife. Kumvera munthu chisoni n'kopepuka kuposa kumufunsa chomwe akufuna. Malume anali ndi diso limodzi lodwala, ife tinawawerengera ngati mutu wonse wapita.

Ndipo poti tili m'gulu la zolembalemba, ndisakusiyeni osakukhudzani. Mnzathu akaponya ndakatulo yosapsa, timathamangira kuika timoto ndi "mwalemba bwana." Kumeneko ndi kugonja dala. Mwaona dzenje, dzanja lapita, mwalisuntha. Basela yapoyera ikanakhala kunena kuti "poti ndi ndakatulo yanu yoyamba, ndime yoyamba ndi yachiwiri mwayesetsa, koma yachitatu sinapse, taibwezerani pamoto." Wolembayo angakwiye, angatsutse, angakonze. Timoto sangatitsutse, ndipo tsiku lomwe adzalembe chinthu chakupsadi, timoto tanu tidzakhala tomwe tija, osasiyana ndi ta dzana.

Malume anabwerera pa bawo chaka chomwe tinayamba manambala. Nditawerenga dzina lawo ndi 1, panali zii, aliyense akuyang'ana pansi. Iwo anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Diso limodzi, pointi imodzi. Walemba bwino." Anachotsedwa pa ndime yachiwiri ndi alamu athu aja, ndipo masana onse anakhala akukangana nawo za dzenje lomwe akanayenera kunyamula, mpaka nsima kuzizira.

Chaka chino anapita ku Nkhoma, ng'ala ija anakaichotsa. Sabata yatha anatuma mdzukulu ku benchi langa ndi uthenga wakuti ndifufute 1, ndilembe 0, ndipo wowerengera nkhomo sakumufunanso. Ndafufuta. Mchimwene wanga atamva, akuti masiku ano makasitomala akumachita kumudzutsa pa bawo. Mbuzi ndaipeza kale ku Lifuwu, mwini wake akudikira ndalama, ndipo anthu anayi a "ndipereka ndikafika" sanayankhebe foni.